Laputopu Ikadagwira Ntchito: Tigule Yatsopano Kapena Tisunge Yomweyi?

Kuyambira chaka cha 2025 ambiri mwa amene ali ndi laputopu akhala akuona uthenga pa sikirini wonena kuti nthawi ya Windows 10 yatha, ndi kuti aganize zogula kompyuta yatsopano. Uthengawu wafikira aphunzitsi, ophunzira, alembi ndi asungichuma a mipingo, ndiponso amalonda amene amasunga m'makinamo maina a ongongola ndi kawerengedwe ka katundu. Pamwamba pa uthengawo pamabweranso maso. Wina wafika ndi laputopu yopyapyala kuchokera ku Johannesburg, wina wagula yonyezimira ku Tete, ndipo yathu ija, imene dzulo inali bwinobwino, lero yayamba kuoneka ngati nkhalamba. Mtima ukayamba kutero, ngakhale kuchedwa pang'ono kwa makina kumasanduka umboni woti afa.

Nkhaniyi ndi yaikulu pabanja, pakuti ndalama zogulira laputopu yatsopano ndi zomwezo zimene zikanagula matumba angapo a feteleza, kapena kulipirira mwana sukulu, kapena kufolera nyumba ndi malata. Komanso kukakamira makina amene sangathenso kuteteza ndalama ndi zolemba zathu kungatitayitse zambiri kuposa mtengo wa makina atsopano. Chimene ndikupempha kuti tigwirizane ndi ichi: laputopu iyesedwe ndi ntchito imene tinaigulira. Ngati ikukwanitsa ntchitoyo popanda kuika mwini wake pangozi, kuchuluka kwa zaka zake si mlandu. Tiyeni tsono tione m'mene tingaiyesere.

Kodi uthengawo ukutanthauza chiyani?

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, imene inatuluka mu 2015. Tsiku lomwelo inasiyanso kusamalira Office 2016 ndi Office 2019, m'mene muli Word ndi Excel amene ambiri timalembera makalata ndi kuwerengera ndalama. Laputopu imayakabe monga kale, makalata amatsegukabe, ndipo purinta imasindikizabe. Chimene chinatha ndi zigamba. Pulogalamu iliyonse yaikulu imakhala ndi mabowo amene akuba a pa intaneti amawasakasaka usana ndi usiku, ndipo mwezi ndi mwezi kampani inkatumiza zigamba zotseka mabowo amene apezeka. Zigambazo zikaleka kubwera, bowo lililonse lopezeka pambuyo pake limakhala chitsegukire. Zili ngati nkhokwe imene mwini wake waleka kuikonza: chimanga chilimo ndithu, koma chaka ndi chaka makoswe amapeza polowera patsopano.

Zoterezi zinachitikaponso. Windows XP inasiyidwa pa 8 Epulo 2014, ndipo Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Kuopsa kosowa chigamba kunaoneka poyera mu Meyi 2017, pamene vairasi yotchedwa WannaCry inatseka zolemba m'makompyuta a m'maiko oposa 150 ndi kulamula eni ake kuti alipire ndalama. Zipatala zambiri za ku Britain zinabweza odwala chifukwa makompyuta awo anatsekeka. Chigamba chotseka bowo limene vairasiyo inalowera chinali chitatuluka miyezi iwiri m'mbuyomo, koma makina ambiri anali asanachilandire.

Kwa amene sanakonzeke, Microsoft inatsegula dongosolo lotchedwa ESU lopitiriza kutumiza zigamba za Windows 10 kwa anthu wamba olembetsa, ndipo inalengeza kuti lidzafika pa 13 Okutobala 2026. Imeneyi ndi nthawi yongopumirapo. Njira yeniyeni imene kampaniyo inakonza ndiyo kusamukira ku Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, ndipo kusamukako ndi kwaulere kwa amene makina awo ndi oyenera. Makina oyenera ayenera kukhala ndi RAM yosachepera 4 GB, malo osungira zinthu osachepera 64 GB, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kapena woposerapo, kapena ya AMD Ryzen imene ili pa mndandanda wa Windows 11.

Choyamba tsono, dziwani purosesa imene muli nayo. Tsegulani Definições, kenaka Sistema, kenaka Acerca de. Pa makina a Chingerezi ndi Settings, System, About. Mukaona dzina longa i5-8250U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndiyo m'badwo wake, ndipo imeneyi ndi ya m'badwo wa 8. Dzina longa i5-1135G7 ndi la m'badwo wa 11. Koma i5-7200U ndi ya m'badwo wa 7, ndipo siili pa mndandanda wa Windows 11. Anthu ambiri amadabwa kupeza kuti makina amene amafuna kuwataya ndi oyenera kale, ndipo chimene chikufunika ndi intaneti yokwanira ndi madzulo amodzi a kuleza mtima. Safunsa anadya phula.

Ntchito yake ndi yotani?

Tengani pepala mulembe zimene munachita pa laputopu yanu m'mwezi wathawu. Lembani zimene munachitadi, kusiya zimene mukuganiza kuti mwina mudzachita tsiku lina. Ambiri adzapeza kuti mndandanda wawo ndi waufupi: kulemba makalata ndi mayeso, kuwerengera ndalama, kuwerenga mabuku a PDF, kutumiza uthenga wa imelo, kuonetsa zithunzi pa pulojekita, ndi kuchita msonkhano wa pa vidiyo mwa apa ndi apo. Ntchito zimenezi laputopu yabwino ya zaka 6 kapena 8 imazikwanitsa bwino ikasamalidwa.

Pambuyo pake dzifunseni kuti ndi ntchito iti ya pa mndandandawo imene makinawo alephera kuichita. Yankho likhale lomveka, longa lakuti pulogalamu yojambulira mapulani imakana kutseguka, kapena makina amazima okha pakati pa msonkhano. Mukaona kuti yankho lanu ndi lakuti amachedwa basi, kapena kuti ndi olemera, kapena kuti anzanu onse ali ndi atsopano, ndiye kuti simunapeze chifukwa chogulira ena. Mwangopeza chifukwa chokaonana ndi wokonza makompyuta.

Otsatsa malonda amadziwa bwino mtima wa munthu. Kuyambira 2024 m'masitolo muli malaputopu otchedwa Copilot+ PC, amene ali ndi kachipangizo kapadera kogwirira ntchito za AI ndi RAM yosachepera 16 GB. Ndi makina abwino, koma kalata ya komiti ya sukulu siisintha chifukwa choti yalembedwa pa makina otere, ndipo mapulogalamu ambiri a AI amene anthu amagwiritsa ntchito amayendera pa intaneti, kotero amatsegukanso pa laputopu yakale ngakhale pa foni. Akulu akale anati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chaka chilichonse kudzatuluka makina oposa a chaka chatha, ndipo wothamangitsana nawo sadzapuma.

Kuchedwa kuli ndi mankhwala

Zimene zimachedwetsa laputopu kawirikawiri ndi zinayi, ndipo zonse zimakonzedwa ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi mtengo wa makina atsopano. Kuti mudziwe chimene chavuta, dinani pamodzi mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc. Padzatseguka Gestor de Tarefas, imene m'Chingerezi ndi Task Manager, ndipo idzakuonetsani mbali imene yadzaza.

Choyamba ndi disiki. Malaputopu ambiri akale ali ndi hadi disiki, imene mkati mwake muli mbale yozungulira ndi kamkono kowerenga. Ndi yochedwa, ndiponso imaonongeka msanga ikamagwedezeka m'chapa kapena pa njinga yamoto m'misewu yathu ya fumbi. M'malo mwake mukhoza kuikamo SSD, imene mulibe chilichonse choyenda. Makina amene amatenga mphindi zingapo kuti ayake amayamba kuyaka m'masekondi ochepa. Mukaona kuti disiki ikungokhala pa 100% nthawi zonse, mwapeza nthenda yake, ndipo palibe kukonza kwina kumene kumasintha laputopu yakale koposa kumeneku.

Chachiwiri ndi RAM, imene ili ngati tebulo logwirirapo ntchito. Tebulo likachepa, munthu amangochotsa ichi kuti aikepo icho. Masiku ano 4 GB ndi yochepa, ndipo 8 GB imakwanira ntchito za mu ofesi. Funsani kaye wokonza ngati laputopu yanu ili ndi malo oonjezerapo, pakuti m'makina ena opyapyala RAM inawotcheredwa ndipo siisinthika. Dziwaninso kuti chakumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera kwambiri padziko lonse chifukwa makampani a AI anagula yochuluka. Kukwera kumeneku kumakhudza woonjezera RAM, koma kumakhudzanso mtengo wa laputopu yatsopano.

Chachitatu ndi fumbi ndi kutentha. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo ikapitirira imazimitsa makina. Fumbi la chilimwe cha ku Angónia limatseka fani pang'onopang'ono, ndipo kutentha kwa mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kumaonjezera vutolo. Wokonza wabwino amatsegula makina, kupukuta fani, ndi kupaka mankhwala atsopano onga phala pakati pa purosesa ndi chitsulo chochotsa kutentha. Inunso musamaike laputopu pa bulangete kapena pa pilo, chifukwa timabowo topumira tili pansi pake.

Chachinayi ndi batire. Mabatire a lithium amafooka akadzazidwa ndi kutha kwa maulendo mazana angapo, ndipo zimenezi ndi chilengedwe chawo. Mukalemba mau akuti powercfg /batteryreport mu cmd, Windows idzakupatsani lipoti losonyeza mphamvu imene batire linali nayo pamene linali latsopano ndi imene latsala nayo. Batire lofooka limasinthidwa popanda kutaya makina onse, monga m'mene sititaya njinga chifukwa cha tayala lotha. Koma chenjerani ndi batire lotupa. Mukaona kuti kiyibodi yatukuka kapena chivindikiro chapansi chang'ambuka, lekani kuchajitsa nthawi yomweyo, musaliboole, musaliponye pamoto, ndipo pitani nalo kwa wokonza, pakuti likhoza kuyaka.

Pa nkhani ya magetsi, makina ambiri amafa m'nyengo ya mvula chifukwa cha ziphaliwali ndi mphamvu ya magetsi yobwera modzidzimutsa akangoyaka. Zulani chaja pakhoma mvula ya mabingu ikayamba, ndipo gulani kachipangizo koteteza ku mphamvu yopitirira. Laputopu yatsopano imapsa chimodzimodzi ndi yakale ikasowa chitetezo chimenechi.

Nanga purosesa ikakhala yakale?

Pali amene adzapeza kuti makina awo ndi olimba koma Windows 11 ikuwakana. Ena amauzidwa kuti pali njira yoikakamiza kuti ilowe. Njirayo ilipo, koma Microsoft inanena poyera kuti makina otere sakulonjezedwa kulandira zigamba, kotero vuto lomwe lija likhoza kubwereranso. Enanso amapatsidwa Windows kapena Office yothyoledwa. Kumeneku ndi kugwiritsa ntchito chinthu cha eni popanda chilolezo, ndipo mapulogalamu othyoledwa nthawi zambiri amabwera ndi vairasi mkati, ndiye kuti mwini nyumba wamtsegulira yekha wakuba chitseko.

Pali njira ina yoongoka ndi yaulere, ndiyo Linux. Mtundu wake wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene unayamba kutuluka mu Okutobala 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinali linachokera ku mau a Chizulu ndi Chixhosa ofanana ndi mau athu akuti umunthu. Zaka ziwiri zilizonse kumatuluka Ubuntu imene imasamalidwa ndi zigamba kwa zaka 5. Palinso Linux Mint, imene maonekedwe ake ndi ofananako ndi Windows, kotero siivuta kuizolowera. Zonsezi zimapezeka m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi, ndipo pulogalamu yaulere ya LibreOffice imatsegula ndi kusunga makalata a Word ndi Excel. Ubwino wina ndi wakuti mukhoza kuyesa Linux kuchokera pa fulashi musanafufute kanthu. Yesani purinta yanu, yesani intaneti, tsegulani makalata anu ofunika. Makalata ena okongoletsedwa kwambiri amasokonekerako pang'ono, ndipo mapulogalamu ena a kuntchito amayenda pa Windows pokha. Ndiye chifukwa chake muyese kaye musanasamuke.

Njira yachitatu ndi ya makina amene ntchito yawo ndi kulemba ndi kusindikiza basi. Laputopu yotere ikhoza kupitiriza ndi Windows 10 ngati siilumikizidwa ku intaneti ndipo siilowera ku banki. Ngozi imene imatsala ndi mafulashi. Fulashi imene yazungulira m'malo osindikizira mapepala imabwerako ndi alendo, kotero musamailowetse mwachisawawa m'makina osunga zolemba zofunika.

Pamene kugula kuli koyenera

Nkhani ino siikuletsa kugula. Pali nthawi zimene kugula ndiko nzeru, ndipo kuchedwa ndiko kutaya. Ndikuona nthawi zinayi.

Yoyamba ndi pamene purosesa siilandira Windows 11, ntchito yanu ikufuna pulogalamu yoyenda pa Windows pokha, ndipo pa makinawo pamadutsa ndalama kapena zinsinsi za anthu, monga kulowa ku banki, malipiro a antchito, kapena mbiri ya odwala. Pamenepo ndalama za makina atsopano ndi zochepa poyerekeza ndi zimene mungataye tsiku limodzi.

Yachiwiri ndi pamene ntchito yakula kuposa makina. Wophunzira za uinjiniya wa migodi ku Instituto Superior Politécnico de Tete amafunika mapulogalamu ojambulira onga AutoCAD, amene amafuna mphamvu zambiri. Chimodzimodzinso amene amakonza mavidiyo a maukwati kuti apeze chakudya. Koma makolo asamangomva mau a mwana okha. Funsani ku sukuluko kuti ndi mapulogalamu ati amene akufunika chaka chimenecho, pakuti wophunzira amene ntchito yake ndi kulemba ndi kuwerenga safunika makina a mtengo wa ng'ombe.

Yachitatu ndi pamene nthenda ili pa bolodi lalikulu la mkati, kapena makina akonzedwa kawiri katatu pa vuto lomwelo. Muyeso umene ndingalangize ndi uwu: ngati kukonza kukupitirira theka la mtengo wa makina ena abwino ogwira ntchito yomweyo, musathirenso ndalama m'thumba lobooka.

Yachinayi ndi pamene laputopu ndiyo khasu la banja, ndipo kufa kwake kwa sabata imodzi kukutanthauza kutaya makasitomala. Woteroyo ayambe kusunga ndalama makinawo akadali amoyo, kuti asadzagule mothamanga tsiku la tsoka.

Pogula, tsegulani maso

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. M'masitolo muli malaputopu atsopano otsika mtengo amene ali ndi purosesa yofooka ya mtundu wa Celeron, RAM ya 4 GB yosasinthika, ndi malo osungira a 64 GB okha. Makina otere, ngakhale atuluke m'katoni lero, akhoza kuchedwa kuposa laputopu yanu yakale ya i5 imene mwaikamo SSD. Werengani zolembedwa pa katoni musanayang'ane mtundu wa chivindikiro. Funani RAM yosachepera 8 GB, SSD yosachepera 256 GB, ndi purosesa imene ili pa mndandanda wa Windows 11.

Makina ogwiritsidwapo kale ntchito si oipa. Mitundu yopangidwira maofesi, monga ThinkPad, Latitude ndi EliteBook, ndi yolimba, imatseguka ndi sikuludiraiva wamba, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Koma kumbukirani kuti purosesa ya m'badwo wa 8 ndi ya m'zaka za 2017 ndi 2018, kotero thumba likalola sankhani ya pambuyo pake. Musapereke ndalama musanayatse makinawo. Yesani batani lililonse, malo onse olowetsera fulashi, kamera, mau ndi intaneti, ndipo onani lipoti la batire lija. Onetsetsani kuti palibe mau achinsinsi otsekera BIOS amene wogulitsayo sakuwadziwa, chifukwa chimenecho nthawi zambiri ndi chizindikiro cha katundu wakuba. Mtengo ukatsika modabwitsa ndipo wogulitsa akukana kulemba risiti, chokanipo. Risiti ikhale ndi nambala ya makinawo ndi miyezi ya garantia yolembedwa ndi dzanja kapena yodindidwa.

Ife a m'malire tili ndi zina zoti tiganizire. Laputopu yogulidwa ku Lilongwe kapena ku South Africa imabwera ndi kiyibodi ya Chingerezi, yopanda ç ndi zizindikiro za pa ã ndi é. Zilembozi zimalembeka mukasintha chilankhulo cha kiyibodi mu Windows, koma amene amalemba makalata a boma m'Chipwitikizi tsiku ndi tsiku adziwiretu kuti adzafunika kuloweza malo ake pamtima. Chaja yochokera ku Malawi imakhala ndi mano atatu a ngodya, amene salowa m'makoma athu popanda adaputa. Onjezerani pa mtengo ndalama za ulendo ndi msonkho wa pa malire, ndipo dzifunseni kuti makinawo akadzafa m'mwezi wachiwiri mudzawabweza kwa yani.

Za ndalama, musagule laputopu ndi katapila. Makina amatsika mtengo tsiku lomwe atuluka m'sitolo, pamene chiongoladzanja chimakwera mwezi ndi mwezi. Kuli bwino kudikira nthawi yanu ya xitique, chimene ena amachitcha chipereganyu, kapena kudikira mutagulitsa mbatatesi ndi soya. Bambo ndi mayi akhale pansi agwirizane, pakuti ndalamazo ndi za banja lonse. Ngati makinawo ndi a mpingo, sukulu kapena bungwe, asagule munthu mmodzi payekha. Pakhale mitengo yochokera m'masitolo awiri kapena atatu, komiti ivomereze, ndipo zilembedwe m'buku la zokambirana pamodzi ndi nambala ya makinawo, kuti mawa pasadzakhale kunong'onezana.

Zamkati ndi zamtengo kuposa chitsulo

Kaya musunga laputopu yakale kaya mugula yatsopano, chinthu chimodzi musachiike mawa. Chitsulo chimagulidwanso, koma kaundula wa maubatizo ndi maukwati, zotsatira za mayeso a ana, kafukufuku wa wophunzira wa chaka chomaliza, ndi zithunzi za makolo amene anatisiya sizipezeka m'sitolo iliyonse. Koperani zonsezi m'malo awiri: pa disiki yakunja kapena fulashi yosungidwa m'nyumba ina, ndiponso pa intaneti ngati mungathe. Tsegulani zimene mwakoperazo kuti mutsimikize kuti zikuwerengeka. Chitani zimenezi musanapereke makina kwa wokonza, musanasamukire ku Windows 11, ndiponso musanayese Linux.

Mukaganiza zopereka kapena kugulitsa laputopu yakale, dziwani kuti kungofufuta makalata sikuwachotsa kwenikweni. Munthu wodziwa akhoza kuwabwezeretsa. Gwiritsani ntchito Repor este PC, imene m'Chingerezi ndi Reset this PC, ndipo sankhani kuchotsa zonse ndi kuyeretsa disiki. Kapena chotsanimo disikiyo, muiike m'kabokosi kake kogula, ikhale yosungiramo zinthu zanu.

Makina amene kwa inu achepa mphamvu akhoza kukhala chiyambi cha mwana wa sekondale amene sanakhudzepo kiyibodi. Akafa ndithu, asaponyedwe kudzala kapena m'chimbudzi, ndipo asaotchedwe, chifukwa muli mtovu ndi mankhwala ena amene amaononga nthaka, madzi a m'zitsime ndi mapapo a ana. Apatseni okonza makompyuta, amene amachotsamo zipangizo zothandizira makina ena. Lipoti la mabungwe a United Nations lotuluka mu 2024 linasonyeza kuti mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo 22.3% yokha ndiyo inadziwika kuti inasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera. Ndiponso laputopu iliyonse yatsopano imayambira m'nthaka. Pafupifupi 70% ya cobalt wa padziko, amene amalowa m'mabatire, amakumbidwa ku Congo, ndipo kuno kwathu ku Balama, m'chigawo cha Cabo Delgado, kuli mgodi waukulu wa graphite, mwala umene umalowanso m'mabatire a lithium. Kutalikitsa moyo wa makina ndi zaka ziwiri kapena zitatu kumapulumutsa thumba lathu, ndipo kumachepetsanso zokumba ndi zotaya.

Tsono, abale ndi alongo, sabata ino chitani zinthu izi motsatana. Koperani zolemba zanu m'malo awiri. Onani dzina la purosesa yanu. Lembani ntchito zimene mumachitadi ndi zimene makinawo alephera. Funsani wokonza wodalirika mtengo wa SSD, RAM, batire ndi kupukuta fumbi, ndipo mitengoyo muiike pafupi ndi mtengo wa makina atsopano pa pepala limodzi. Pepalalo liwerengedwe pamodzi ndi a pabanja kapena a komiti. Likaonetsa kuti kugula n'koyenera, gulani ndi mtima wokhazikika. Likaonetsa kuti kukonza n'kokwanira, konzani, ndipo ndalama zotsalazo zikagwire ntchito kumunda kapena kusukulu ya ana.